Chigawo Chimene Adatchi Sanachifune

Chaka chimene mapazi a mayi ake anayamba kutupa, Ratmini anapita kwa ahedi a sekondale ya ku Umasari ndi pempho lachilendo. Anati buku la chaka chimenecho, lonena za nthawi ya atsamunda Achidatchi, pamene sitima zinayamba kutula alendo odzaona chilumba chathu cha Bali, silingawalowe ana ngati angoliwerenga atakhala pansi. Awerenge mutu umodzi, alembe m'makope zimene mutuwo wawachita mumtima, kenaka Loweruka aphunzire gule yemwe uja alendowo ankadzaona. Ahediwo, Pak Sudirga, anali munthu wovomera chilichonse chosawadzutsa pampando. Atamva kuti wophunzitsa guleyo ndi mayi ake a Ratmini yemweyo, a Rinten, anangoti zili bwino, bola ana asathyole mabenchi.

Zimene Ratmini ananenazo zinali zoona, koma zoona za theka. Rejang wa ku Umasari, gule wa atsikana wa kukachisi kwathu, ali ndi zigawo zinayi. Zitatu aliyense amazidziwa, ndi operekera zakudya m'mahotela omwe. Chachinayi, mwa atsikana asanu ndi atatu amene ankachivina kale, wotsala anali a Rinten okha, ndipo dokotala anali atanena mosapsatira kuti mtima wawo watopa. Ratmini ankachifuna chigawo chimenecho. Sankafunira ana, sankafunira mudzi. Ankachifuna iye mwini, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, wa mawondo olira pokwera masitepe, ndipo ankafuna kuchilandira m'manja mwa mayi ake iwo asanatsamire mkono. Kupempha poyera kunamukanika, ndiye anabisala kumbuyo kwa ana makumi atatu.

Kwathu gule saphunzitsa ndi pakamwa. Mphunzitsi amaima kumbuyo kwako, chifuwa chake chitagunda msana wako, n'kukugwira m'mikono, bondo lake likukankha lako, kukupinda ndi kukuwongola mpaka thupi litamva lokha. Zigawo zitatu zija munthu wochenjera akhoza kuziba ndi maso. Chachinayi sichibedwa. Ovina amatembenuka, n'kufulatira anthu onse, nkhope kuloza kuguwa la milungu, ndipo zonse zimachitikira m'maso ndi m'zala, patsogolo pa chifuwa. Woonerera amangoona misana. N'chifukwa chake mzungu wa kampani ya sitima, kalekale uko, anachidula. Anati alendo ake sanawoloke nyanja kudzaona misana ya anthu. Atsikana obwera pambuyo anaphunzira za kuhotela zomwezo, mpaka kukachisi komwe gule anayamba kuthera pa chachitatu, anthu n'kuzolowera.

A Rinten anakavina kuhotela ya Adatchi mumzinda wa Denpasar ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kumeneko mzungu wina anawajambula, chithunzicho n'kuchisindikiza pa makadi otumiza kwa abale kutsidya la nyanja. Khadi limodzi linapachikidwa m'nyumba mwawo pamwamba pa kabati, ndipo mlendo aliyense, ngakhale wodzabwereka mchere, sankatuluka asanalione. Ankamuuza za galimoto imene anakwera, ndi za madzi oundana amene anawalavula poyesa kuti awotcha lilime. Ankanyada nalo khadi limenelo kuposa munda wawo wa mpunga.

Ratmini ndiye linamudyetsa manyazi. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Adatchi atathamangitsidwa, dziko lonse likuwatukwana, mnzake wina kusukulu anabwera ndi khadi longa lomwelo, n'kuyamba kumutcha mwana wa chidole cha Adatchi. Dzinalo linamumatirira chaka chathunthu. Tsiku lina mayi ake ataima kumbuyo kwake kuti amugwire mikono monga mwa masiku onse, iye anauma gwa ngati munsi, nati safuna gule, akufuna mabuku. A Rinten anamusiya. Anangoseka, nati ukaipa dziwa nyimbo, popeza miyendo ndi ya tebulo bola akalimbikire mutu. Sanamugwirenso.

Ndiye Loweruka lililonse Ratmini ankawakweza kumbuyo kwa njinga yamoto, iwo atakhala chammbali, akutafuna masamba a sirih ofiiritsa mano ndi malovu, akulavula zofiira mumsewu ndi kunyoza kayendetsedwe ka mwana wawo. Akafika mabenchi ankakankhidwira kukhoma, anyamata n'kukhala pa mangolongondo a mkuwa a sukulu, atsikana n'kundanda. Pakamwa pa a Rinten panalibe chotsekera. Ankafunsa mwana wina ngati zigongono zimenezo akuyanikapo nsomba. Ankauza wina kuti maso akewo akuyenda ngati a munthu wotaya nkhuku. Ana ankafa nako kuseka. Ankawatcha Dadong, ngati agogo awo enieni, ndipo ankalimbirana kuti agwidwe ndi iwo. A Rinten akatopa ankakhala pansi, mapazi otupawo atawasanjika pa mpando wina, akupuma ngati akwera phiri, koma pakamwa pokha posatopa.

Ratmini ankaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, amvekere akuyang'anira osokosa. Kumeneko mapazi ake ankatsatira okha pansi pa nsalu yake yaitali. Ankawerenga masabata. Anadziuza kuti akafika pa chigawo chachinayi, mayi ake adzasowa woonetserapo, kapena ana adzaperewera mmodzi pamzere, kapena china chake chidzachitika basi choti iye apezeke ali m'manja mwawo popanda kutsegula pakamwa. Munthu wamkulu ndithu, wophunzira, kumaganiza zachibwana zoterozo.

Amene ankanyozedwa koposa onse anali Sutiari, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndiye wapamtima pa Dadong. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wosalankhulalankhula, amene Lachisanu lililonse akaweruka ankakwera lole ndi anzake kukavinira alendo kuhotela ina ya kunyanja. Kuvina ankatha, kulemba ankathanso. Ratmini ankawauza anawo kuti asamuuze zimene buku lanena, poti iye analiwerenga kale kakhumi, koma amuuze pamene lawabaya. Ambiri ankalemba zomusangalatsa, kuti atsamunda anali oipa ndipo ife tiyenera kukonda chikhalidwe chathu. Sutiari yekha ndiye ankalemba ngati munthu akudzichotsa munga kuphazi.

Sabata yachisanu anafika pa mutu wonena za ojambula zithunzi. Ratmini anadikira kuti mayi ake apite kumsika, anatsitsa khadi lija, anathamanga nalo kusitolo ya makina okopera mapepala, n'kukopetsa makumi atatu. Pamene a Rinten ankabwerako ndi dengu lawo, khadi linali pamsomali pake. M'kalasi anagawa mapepalawo nati aliyense alembe zimene akuona pankhope imeneyo. Wina atafunsa kuti ndi ndani, Ratmini anayankha kuti ndi mtsikana wina wa nthawi imeneyo. Apa ndiye analakwa, ndipo palibe chomuikira kumbuyo. Mawu anali pakamwa pomwepa, kungoti awa ndi mayi anga, koma kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi kaja kanamuletsa. Anawo sakanazindikira okha. Ndani akanaona nkhalamba ya mano anayi ofiira pa nkhope yosalala ya pa pepalalo?

Zolemba zinkawerengedwa Lachinayi, a Rinten kulibe. Koma Lachinayi limenelo Pak Sudirga anatulutsa sukulu yonse kukazula udzu poti kumabwera oyendera masukulu, ndiye kuwerenga kunasunthira Loweruka, gule asanayambe. Ratmini anaganiza zowasiya mayi ake kunyumba n'kudzawatenga pambuyo, koma iwo anali atavala kale, atakhala panjinga, akufunsa ngati akudikira kuti mafuta adzithire okha. Anadzilimbitsa mtima. Anawo amalemba m'Chiindoneziya cha kusukulu, pamene mayi ake chawo chinali cha kumsika, chotsitsira mtengo wa anyezi. Komanso akakhala pa mpando wa pakona uja sankachedwa kuwodzera.

Awiri oyamba anawerenga zozizira, a Rinten maso ali chitsinzinire. Kenaka anaimirira Sutiari, pepala la chithunzi lili m'dzanja limodzi, kope m'dzanja linalo. Mawu ake anali otsika, koma m'kalasimo munali bata loti ngakhale wa pakona anamva.

"Mtsikana uyu ndikumudziwa, ngakhale dzina lake sindilidziwa. Kumwetulira kumeneku ndimakuchita ine Lachisanu lililonse, alendo akuswa nkhanu m'mbale zawo. Kumayamba kupweteka apa, pansi pa makutu. Mkati mwake simukhala kanthu. Anamuveka maluwa, iye n'kumaseka, osadziwa kuti akumugulitsa pa khadi. Anapatsa Adatchi zonse, ife n'kutisiyira makoko. Ndikumumvera chisoni. Koma ndikumvera chisoni kwambiri ana ake, ngati anabereka, chifukwa ayenera kuti ankayenda atazolika."

Zinali zolembedwa bwino, tisaname. Ana ena anayamba kuomba m'manja. Ratmini sanaombe, chifukwa anali ataona kuti nsagwada za mayi ake zasiya kutafuna. A Rinten anatsitsa mapazi awo pa mpando, limodzi kenaka linzake, anatambasula dzanja, nauza Sutiari kuti abwere nalo pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kuliyandikiza ndi kulitalikitsa.

"Makina anuwa ndi abodza," anatero m'Chibali. "Ndolo zanga sizikuoneka."

Sutiari anayang'ana pepala, anayang'ana nkhalambayo, kope linamupulumuka m'manja.

A Rinten anawafotokozera modekha, ngati akunena za mvula ya dzulo. Anati mzungu wojambulayo anali atalowetsa mutu wake m'nsalu yakuda ya makina ake, matako ali m'mwamba, ndiye tsekwe wa kuhotelako anabwera chakumbuyo n'kumujompha. Mzunguyo anadumpha koma sanatulutse mutu, anangodina. Tsiku lina lililonse anawo akanagubuduzika nako kuseka. Tsiku limeneli palibe anaonetsa dzino.

"Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka," anatero akuyang'ana Sutiari. "Mkati munali kanthu, mwana iwe. Munali tsekwe."

Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. Anamuitana monga ankamuitanira kuyambira ali wakhanda.

"Luh, unawauza kuti ndine?"

"Ndimati ndiwauze pamapeto, Meme."

"Masabata asanu ndakhala ndikuwagwira mikono ana awa."

Anapinda pepalalo bwinobwino, analiika patebulo la aphunzitsi, anatola kachikwama kawo ka sirih, n'kutuluka pang'onopang'ono atagwira khoma. Ratmini anawatsatira mpaka kugeti akuwapempha kuti adikire atulutse njinga, koma iwo anaimitsa bemo, kaminibasi kathu kaja, n'kukwera pakati pa amayi a madengu. Atabwerera m'kalasi anapeza Sutiari akulira chogwira pakamwa, enawo akumuyang'ana iye, mphunzitsi wawo, ndi maso amene sanawaonepo. Anawauza kuti wolakwa si Sutiari. Anawauzanso kuti mawu omaliza aja, onena za ana oyenda atazolika, ndi oona. Anawabalalitsa nthawi isanakwane.

Kunyumba anayembekeza mkuntho, ndipo akanaulandira ndi manja awiri. Koma a Rinten sanakalipe. Khadi linali litachoka pakhoma, patatsala msomali ndi kabwalo koyera pamene utsi sunafike. Mpunga unaphikidwa, nsembe za maluwa zinaikidwa pakhomo ndi pachitsime monga mwa masiku onse. Sabata yonse analankhulana za nkhuku, za mchere, za mankhwala a dokotala. Munthu amene ankanyoza kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake anayamba kumuyankha mwana wake mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unamupweteka Ratmini kuposa mbama. Loweruka litafika a Rinten sanavale, iye sanafunse.

Lamulungu kunabwera Sutiari, atasenza dengu la zipatso, maso ali otupa. Anagwada pansi pa khonde pamene a Rinten anakhala, n'kuyamba kulira. Ratmini anali kukhitchini, akumva zonse. Nkhalambayo inamuuza mtsikanayo kuti adzuke asadetse nsalu, kuti kulira kumamuipitsa ndipo ndi woipa kale. Inati iye analemba za masaya ake, osati masaya a Rinten, ndipo masaya akewo ngati akupweteka ndiye kuti akupwetekadi, palibe bodza pamenepo. Inamufunsa ngati kuhotelako amawapatsa chakudya, ndipo itamva kuti amawapatsa zotsala kuseri kwa khitchini, inati nthawi ya Adatchi kunalinso chimodzimodzi, kungoti mbale zinali zokongola. Anaseka onse awiri, Sutiari misozi ili chuchuchu.

Ndiyeno a Rinten anakweza mawu pang'ono, mokwanira kufika kukhitchini. Anati odalan, chikondwerero cha kachisi wathu, yatsala masabata anayi. Sutiari asankhe anzake asanu ndi awiri, azibwera Lamulungu lililonse m'bwalo la mkati la kachisi, osati kusukulu. Adzawapatsa chachinayi.

"Nanga Bu Ratmini?" Sutiari anafunsa motsitsa, monga ana kwathu amatchulira mphunzitsi wamkazi.

"Aphunzitsi anu ali ndi makope oti achonge."

Ratmini anakhala pa kampando ka pamoto, mpeni uli m'manja, osadziwa kuti amasenda chiyani. Guleyo anapulumuka, ndipo iye anayenera kukondwa. Sanakondwe. Chinamugwira ndi nsanje, nsanje yeniyeni, pa mwana wa sukulu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

M'mawa mwake, asanapite kuntchito, anachita chimene anayenera kuchita zaka zambiri zapitazo. Mayi ake anali pakhonde, akucheka masamba a kokonati opangira timbale ta nsembe. Ratmini anavula nsapato, anamanga nsalu, anazenga lamba m'chiuno, anaima pabwalo patsogolo pawo atawafulatira, anapinda mawondo olira aja, n'kukweza mikono.

"Meme, ndigwireni."

Kampeni kanasiya kucheka. Ratmini analankhula akuyang'ana khoma la mpanda. Anaulula zonse, kuti za ana zija zinali chophimba, kuti wofuna chigawocho ndi iye, kuti anayamba kuchifuna tsiku lomwe anachikana. Anati analakwa pa za khadi. Anati amusambwadze, amumenye ngati akufuna, koma amugwire.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe," a Rinten anayankha. "Ukuyesa sindinkawaona mapazi ako kuchitseko kuja? Ndinali nditakusungira. Ndimati ana akatha chachitatu ndidzakuitana kutsogolo, pamaso pawo, ndidzayambe ndi iwe."

"Ndiye yambani, Meme. Ndaima pano."

Anadikira. Tambala analira kwa aneba, njinga yamoto inadutsa kumsewu. Mikono inayamba kulema, koma sanaitsitse. Anamva mphasa ikulira ngati munthu akufuna kudzuka. Kenaka anamva kampeni kayambanso kucheka.

"Tsitsa manja, atopa," anatero mayi ake. Mawu awo analibe mkwiyo. "Wogwira amamva zonse mumsana, Luh. Msana sunama. Ndikakugwira lero ndimva kuti ukundimvera chisoni. Manyazi ako ndawasenza zaka makumi anayi, ndinawazolowera. Koma chisoni ayi. Sindinali wachisoni ine."

Ratmini anafuna kukana, kunena kuti si chisoni, koma anadzifufuza n'kupeza kuti chilimo. Chinalimo kuyambira tsiku limene dokotala analankhula, ndipo mabuku onse amene anawerenga anachithirira madzi. Anatsitsa mikono, anavala nsapato, anapita kukaphunzitsa.

Anadzitonthoza kuti mako ndi mako, mtima udzatsika, mwina odalan ikadutsa. Koma pamene iye ankadikira mtima kutsika, kutupa kunali kukwera. Lamulungu loyamba a Rinten anayenda okha kupita kukachisi. Lachiwiri anakolekera dzanja paphewa la Sutiari. Lachitatu amuna awiri anawanyamula pa mpando, ndipo atsikana anabwerako akunena kuti Dadong anagwira mmodzi yekha ataimirira, enawo anachita kuwagwaditsa patsogolo pa mpando kuti awafikire. Masiku onsewo Ratmini ankatsala pakhonde ndi makope ake, akumva mangolongondo chapatali. Ankadziwa pamene chachitatu chathera, chifukwa nyimbo inkatsika n'kukhala ina imene sanaimvepo chikulire.

Kusukulu anamaliza bukulo. Zolemba za anawo zinasintha. Anasiya kumusangalatsa. Wina analemba za bambo ake oyendetsa alendo pa galimoto, kuti amaseka nthabwala zimene sazimva, ndipo iye sadziwa ngati aziwanyadira kapena ayi. Wina analemba kuti akufuna kudziwa dzina la mtsikana aliyense wa pa makadi ogulitsidwa ku Denpasar. Mwa zaka zonse za uphunzitsi wake, kalasi imeneyo ndi imene inaphunzira koposa, ndipo Ratmini ankadziwa bwino chimene chinalipira maphunziro amenewo.

Tsiku lina ana ataweruka, Sutiari anatsalira. Anatseka chitseko, n'kunena mwamanyazi kuti ngati Bu akufuna, iye akhoza kuwaonetsa. Dadong sanaletse. N'zosavuta kwenikweni, zala zimangochita chonchi. Anayamba kukweza manja. Ratmini anamugwira msanga n'kuwatsitsa. Anamuthokoza, namuuza kuti azipita lole ingamusiye. Mwanayo anali ndi mtima wabwino, koma sanamvetse kuti chosowa si zala.

Odalan imeneyo inali yomaliza ya a Rinten. Anamwalira patatha masabata asanu ndi limodzi, osadzukanso pa mphasa kuyambira tsiku lotsatira chikondwererocho. Koma pa tsiku la chikondwererolo anavala nsalu yawo yagolide, anatsomeka maluwa m'tsitsi, ananyoza amuna owanyamula kuti akuyenda ngati anyamula nkhumba. Anawakhazika pambali pa wansembe, pafupi ndi guwa, kuyang'ana kumene atsikana adzatembenukire. Malo amenewo ndi a wophunzitsa gule yekha. Ena tonse tinakhala m'bwalo, dzuwa la masana likutiwotcha m'mitu, utsi wa lubani uli tolo.

Ratmini anakhala pakati pa anthu, chakumbuyo, pamene panalinso alendo angapo ovala malamba obwereka pageti. Atsikana asanu ndi atatu analowa, Sutiari patsogolo. Anavina choyamba, chachiwiri, chachitatu, makamera akuthetheka. Pamene anthu anazolowera kuti gule watha, ena atayamba kale kutola mabasiketi awo, nyimbo inatsika. Atsikana anatembenuka onse pamodzi. Mkulu wina wa mutu wa mbuu, amene anakhala patsogolo pa Ratmini, anagwira pakamwa n'kuyamba kusisima.

Misana isanu ndi itatu. Zigongono zinkasuntha pang'ono, makosi ankapendekeka pang'ono, basi. Ratmini anasuzumira uku ndi uku, anagwada chotambasuka, koma panalibe choti n'kuba. Pakati pa mapewa a atsikana awiri ankaona nkhope ya mayi ake. Inali yonyowa. Milomo inkawerenga, zala zinkayenda pamiyendo, pansi kwambiri moti sizinkaoneka bwino. Nthawi ina anakwinya nkhope kwa wina wolakwitsa, nthawi ina anaseka, mano anayi aja poyera. Anali wokondwa kotheratu, ndipo kubwalo sanayang'aneko n'kamodzi komwe.

Mayi wina wachizungu amene anakhala pambali pa Ratmini anatsitsa kamera yake. Anamugwira pamkono, n'kumufunsa monong'ona m'Chingerezi kuti atsikanawo akuchita chiyani kutsogoloko, popeza kuno sikukuoneka kanthu.

"Sindikudziwa," Ratmini anayankha.

Mlendoyo anamuyang'ana mwachifundo, nafunsa ngati nayenso si wa mudzi uno.

"Ndine wa konkuno," anatero Ratmini. Anakweza dzanja n'kuloza pakati pa misana ija, ndipo mawu anatuluka okwera moti anthu awiri atatu anacheuka. "Amene ali pa mpandowo ndi mayi anga. Ndi amene aphunzitsa zimenezi. Ankavina nthawi ya Adatchi. Ndi mayi anga."

Nyimbo inali pakati pawo, ndipo a Rinten sanamve. Mlendoyo anamwetulira nati n'zosangalatsa kwambiri. Kenaka anakweza kamera yake, n'kumupempha Ratmini kuti atsitse dzanja, likutchinga.